Musanawonjezere Denga, Yang'anani Polumikizira

   Lero tikambirane za denga, makamaka denga lowonjezera pa nyumba imene inamangidwa kale.

Ino ndi nyengo yomanga. Chimanga chili m'matumba, nandolo wayamba kupita kumsika, mauvuni a njerwa akufuka utsi, ndipo pamsewu mukukumana ndi njinga zitanyamula malata. Ambiri mwa amene akugula malatawa sakumanga nyumba yatsopano ayi, akuwonjezera. Mnyamata wakula, sangagonenso pabalaza. Agogo afooka, ayenera kukhala pafupi. Mwana wamkazi wabwerera pakhomo ndi ana ake. Wina akufuna kachipinda ka okala kutsogolo, wina zipinda ziwiri za lendi poti ali pafupi ndi msika wa Lunzu kapena bwalo la ndege la ku Chileka. Zifukwa zonsezi n'zomveka, ndipo banja limene likukuza nyumba yake ndi thukuta lake n'loyenera kuliyamikira.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mvula ikangoyamba, madandaulo ambiri amachokera ku nyumba zomwezi. Mukafufuza, vuto limakhala malo awiri: pamene denga latsopano lakumana ndi nyumba yakale, ndi pamene denga lakhala pa khoma. Malo awiriwa saoneka kwa munthu wodutsa pamsewu, choncho ndalama zimathera pa malata okongola ndi penti, osafika pamenepo.

Tiyeni tilowe m'chipinda chimodzi chowonjezera, chonga chimene ambirife tinachionapo. Mmisiri wamanga makoma atatu, lachinayi ndi khoma la nyumba yakale. Wabowola khomalo, walowetsa mitengo, wakhoma malata. Pamene lata lagunda khoma wamatapo simenti, waisalaza bwino ndi chipande. Mwini nyumba wafunsa kuti, "Amisiri, apa sipadontha?" Yankho lake n'lakuti, "Ayi bwana, simenti ndathira yambiri." Tsiku limenelo zimaoneka zoona. Koma lata limafufuma likatenthedwa masana, n'kubwerera usiku kukazizira, tsiku ndi tsiku. Simenti siyenda nalo. Pofika Disembala pamakhala patang'ambika kamng'alu kopyapyala kutalika kwa khoma lonse. Madzi otsetsereka pakhoma amalowa m'kamng'aluko. Kenako mumaona mzere wakuda ukutsika pakhoma la m'kati, pulasitala akutupa, mayi akusuntha mphasa pakati pa usiku, makope a mwana atafewa, thumba la ufa likununkha nkhungu. Bambo amakwera ndi phula ndi kansalu, amata, ndipo chaka chamawa amakweranso.

Mankhwala ake si odula. Ndi lata lopinda limene amisiri amati fulashing'i. Mbali imodzi imalowa m'khoma, m'kamzere kosemedwa pakati pa njerwa, n'kutsekedwa ndi simenti. Mbali ina imagona pamwamba pa malata atsopano, kuwaphimba masentimita 15 kapena kuposa, osamatidwa, kuti lata liziyenda pansi pake mwaufulu. Madzi akatsika pakhoma amagwera pa lata lopindalo n'kupitirira ulendo wawo. Amisiri osula zidebe ndi mbaula m'misika yathu amatha kulipinda kuchokera ku lata wamba. Chimodzimodzi pamene madenga awiri akumana n'kupanga chigwa: pamafunika ngalande ya lata yotakata, yolowa mokwanira pansi pa malata a mbali zonse ziwiri, chifukwa madzi a madenga awiri amathamangira pamenepo, ndipo masamba a mango amakonda kutsekapo.

Vuto lina ndi kutsetsereka. Poti denga lowonjezera limayambira kunsi kwa denga lakale, mmisiri amaopa kuti akalitsetsereza kwambiri khoma lakunja lifupika, munthu azilowa chowerama. Ndiye amaligoneka pafupifupi chathyathyathya. Denga lotero madzi amayenda mwaulesi, ndipo mphepo ikawakankha amabwerera m'mbuyo n'kulowa pamene lata lasanjikana ndi linzake. Ngati malo sakulola kutsetsereza bwino, gulani malata aatali oti afike kuyambira pamwamba mpaka pansi popanda kulumikiza. Ngati mulumikiza, lapamwamba liphimbe lapansi masentimita 20 kapena 30, osati zala zitatu zokha pofuna kupulumutsa lata limodzi. Ndipo nthawi zina nzeru yabwino ndi kudikira chaka china, kusonkhanitsa ndalama, kuchotsa mbali ina ya denga lakale n'kufolera nyumba yonse pansi pa denga limodzi. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera kwa munthu amene ana ake akugona mothithikana, koma ndawanena chifukwa ndi oona.

Tsopano mphepo. Ife a chigawo cha kummwera sitifunikanso kuuzidwa kuti namondwe ndi chiyani. Tinaona Idai mu Malichi 2019. Tinaona Ana mu Januwale 2022, amene anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene anapha anthu mazanamazana, kuphatikizapo ambiri a ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, n'kusiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Mu Disembala 2024 Chido anasasula madenga a nyumba, masukulu ndi zipatala m'maboma angapo. Ndipo pakati pa anamondwe otchukawa pali mphepo za mkuntho zopanda dzina, zobwera ndi mvula zoyamba, zimene chaka chilichonse zimasiya mabanja akuyang'ana kumwamba ali m'nyumba mwawo.

Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga. Imachita zoposa pamenepo: imalikoka kupita m'mwamba. Ikamadutsa mothamanga pamwamba pa malata imawayamwa, ndipo ikapeza polowera kunsi, pa khonde, pa zenera losweka kapena pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, imawakankhanso kuchokera m'kati. Imayambira m'mphepete ndi m'makona, monga mmene mumavundukulira chivundikiro cha mphika. Lata limodzi la pakona likangotukuka, enawo amatsatira. N'chifukwa chake miyala ndi matayala akale amene timasanjika padenga sizikwanira. Mwala umagwira lata pamene wakhala pokha, ndipo mphepo ikakula mwala womwewo umagwera munthu.

Denga liyenera kumangiriridwa ku nyumba, ndipo ntchito imeneyi imayamba khoma lisanathe. Waya wokhuthala kapena kachitsulo kopyapyala kaja ka hupu kalowe m'khoma mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba, kapena kagwire mu ring'i bimu ngati mwathira, kenako kakulunge mtengo wa denga n'kukhomedwa. Pa thirasi iliyonse, mbali zonse ziwiri. Waya wongolowa pansi pa mzere umodzi wa njerwa amanyamuka ndi njerwa zomwezo. Mapalini nawo amangiriridwe ku mitengo yaikulu ndi waya, osadalira msomali wokha umene mphepo imatha kuuzula molunjika. Pa chipinda chowonjezera, mitengo yolowa m'khoma lakale isangotsamira m'bowo. Igwidwe ndi mabawuti kapena waya wodutsa khoma.

Pano ndilankhule ndi eni nyumba, chifukwa si nthawi zonse wolakwa amakhala mmisiri. Mmisiri amalemba waya makilogalamu asanu, mwini nyumba amagula awiri. Amalemba misomali ya malata yokwanira, amapatsidwa theka, n'kuuzidwa kuti, "Mungoona mmene muchitire, ndalama zatha." Ndiye amadumphadumpha pokhoma. Kumphepete kwa denga, pamwamba pa msonga ndi m'makona, msomali uyenera kulowa pa mzere uliwonse wa lata. Pakati mukhoza kudumpha umodzi. Ulowe pamsana pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi, ukhale ndi chipewa chake ndi kalabala, ndipo nsonga yake ikatulukira kunsi ipindidwe. Pa ndalama zonse za denga, waya ndi misomali ndi kagawo kochepa zedi, koma ndi zimene zimasunga zina zonse.

Za malata enieniwo, ndikumvetsa chimene chikuchitika. Zitsulo zopangira malata zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zomangira inathawa anthu. Munthu akafika pasitolo amafunsa lotsika mtengo. Koma kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi lokhuthala kuposa geji 32. Lata lopyapyala limang'ambika mozungulira msomali, moti mphepo imatenga lata n'kusiya msomali uli pamtengo. Ngati thumba likukukakamizani kugula lopyapyala, yandikizani mapalini, asatalikirane kufika mita, ndipo wonjezerani misomali. Ngati mukusankha pakati pa lata lopyapyala lautoto ndi lokhuthala lopanda utoto, ine ndingatenge lokhuthala.

Matabwa nawo akhale ouma. Paini kapena bulugamu wauwisi amapindika akamauma padenga, misomali n'kumasuka. Apakeni mankhwala a chiswe asanakwere. Ambiri amapaka oyilo wakuda wochokera m'galimoto, ndipo ndi bwino kuposa kusapaka kanthu, makamaka kunsonga zolowa m'khoma kumene chiswe chimayambira.

Khonde ndi bwenzi la khoma. Amene mumapita mumzinda wa Blantyre, kaoneni Mandala House, imene kampani ya African Lakes Corporation inamanga mu 1882. Ndi nyumba yosanja, yomangidwa ndi njerwa ndi dothi, ndipo mpaka lero chipinda chake cham'mwamba chikugwira ntchito, mukusungidwa mabuku a Society of Malawi. Chinthu choyamba chimene diso limaona pa nyumbayo ndi khonde lotakata limene limaletsa mvula kumenya makoma. Kumudzi kwathu, kumene makoma ambiri ndi a njerwa zomangira dothi kapena zidina, phunziro limeneli ndi lalikulu. Pa nthawi ya Freddy nyumba zambiri zinagwa chifukwa makoma anamwa madzi masiku angapo mpaka kufewa. Choncho denga lituluke kunja kwa khoma pafupifupi theka la mita. Koma mukafuna khonde lalikulu lokhalapo, likhale ndi denga lakelake, lokhala pa nsanamira zozikika bwino, losalumikizana ndi mitengo ya denga lalikulu. Mphepo ikalitenga, itenge khonde lokha, nyumba itsale yofolera.

Ndipo madzi otsika padengawo muwapatse njira. Denga la masikweya mita 60, mvula ya mamilimita 30 ikagwa, limatsitsa malita 1,800, amene ndi migolo isanu ndi inayi ya malita 200. Mukawonjezera chipinda mwawonjezeranso madzi. Akamagwera patsinde pa khoma amadya maziko pang'onopang'ono. Ikani gatala ndi mgolo, mayi apume ulendo wa kumjigo. Ngati gatala simungakwanitse, kwezani dothi kuzungulira nyumba, yalani miyala pogwera madzi, ndipo kumbani ngalande yowatengera kutali, osati kukhomo kwa mnzanu.

Omvera, tsopano tifike pa funso limene layamba kumveka masiku ano. M'madera mwathu mwayamba kuoneka nyumba za madenga aatali, osongoka, a mbali zinayi, zina zomangidwa ndi ndalama za ana athu ali ku Joni. Denga la mbali zinayi ndi labwino ndithu, limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, bola litamangiriridwa. Koma mwini nyumba akasuzumira pa kabowo ka siling'i n'kuona malo onse aja ali chabe, amayamba kuganiza: bwanji osapangamo chipinda? Kumaiko monga Britain zimenezi n'zofala. Malo omanga ndi odula, ndiye anthu amasandutsa kudenga kukhala chipinda chogona, amatulutsa kadenga kena kokhala ndi zenera kuti munthu aziima bwino. Koma kumeneko ntchitoyi imayendera malamulo a zomangamanga, imayenderedwa ndi akatswiri, ndipo pansi pake amaikapo mitanda yatsopano yonyamula anthu.

Kuno ndikuopa kuti ena ayamba ntchitoyi ndi sowo m'manja. Timatabwa ta 2x2 timene tagwira siling'i tinaikidwa kuti tinyamule siling'i yokha. Sitinganyamule bedi ndi anthu. Sitinganyamulenso chimanga, ndipo ndikunena izi chifukwa kuopa akuba kwachititsa ena kubisa matumba kudenga. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ili pamwamba pa mitu ya ana akugona. Chinanso, mitengo yopingasa ya m'kati mwa thirasi, imene imaoneka ngati ikungotchinga malo, ndi imene imagwira denga kuti lisaphwasuke. Mukaidula kuti mupeze poyenda, denga limayamba kukankha makoma kupita kunja, ndipo mng'alu umaonekera m'makona patapita miyezi.

Kodi ndiye kuti n'zosatheka? N'zotheka, koma pa nyumba imene maziko ake ndi akuya, makoma ake ndi okhuthala ndi omangira simenti, ndipo ili ndi ring'i bimu. Pamafunika mitanda yatsopano yokhuthala, ya 2x6 kapena kuposa malinga ndi kutalika kwa chipinda, yokhala pa makoma enieni. Pamafunika malo oti munthu wamkulu aime osagunda mutu, masitepe enieni osati makwerero, zenera loti munthu atulukirepo moto utabuka, ndi mawaya a magetsi oyenda m'mapaipi. Kadenga kotulutsa zenera kaja kali ndi malo olumikizira mbali zonse, ndipo paliponse pamafunika lata lopinda lija. Ntchito yotere isayambe munthu wodziwa kuwerengera kulemera kwa nyumba asanaione. Ku khonsolo ya boma la Blantyre kuli ofesi yoona za zomangamanga, pitani mukafunse. Nyumba ya njerwa zomangira dothi, chonde, musaisenzetse chipinda cham'mwamba. Kumudzi malo apansi akadalipo, wonjezerani cham'mbali.

Palinso kutentha. Chileka ndi Lirangwe zili kunsi poyerekeza ndi Limbe, ndipo mu Okutobala lata la masana simungaligwire ndi dzanja. Chipinda chokhala pansi penipeni pa lata lotero, chopanda chotchinga kutentha, mwana sangagonemo. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka: usiku wozizira, makamaka masiku a chiperoni, lata limachita thukuta kunsi n'kumadontheza madzi ngakhale kulibe bowo. Zonse ziwirizi zimachepa ndi siling'i komanso mpweya woyenda pakati pa siling'i ndi lata. Siling'i sikutanthauza mabolodi a kusitolo okha. Mphasa, bango kapena nsungwi zolukidwa bwino zimathandiza kwambiri, ndipo zimapezeka kwathu konkuno. Siyani timazenera tolowetsa mpweya pamwamba pa khoma, koma mutitchinge ndi sefa wa waya kuti mileme ndi udzudzu zisalowe. M'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa, ntchito yolimbana ndi malungo inaphunzitsa anthu kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga, chifukwa udzudzu umakonda kulowera pamenepo. Mpata womwewo ndi umene mphepo imalowerapo, choncho kuutseka kumapindulitsa pawiri.

Sindinakuiwaleni inu a nyumba zaudzu, ndipo musadzione otsalira. Denga la udzu lofoleredwa bwino ndi lozizira kuposa lata, ndipo silisokosa mvula ikamagwa. Limafuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi asakhazikike, udzu wokhwima wosanjikidwa mokhuthala, pulasitiki wakuda wosabooka kunsi kwake, ndi mapaso omangidwa zolimba ku nsichi kapena kukhoma. Mwetani udzu tsopano moto wolusa usanaudye.

Malangizo a zonsezi alipo. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zitagwetsa nyumba zambiri, boma kudzera ku unduna woona za malo ndi nyumba linatulutsa buku la malangizo lotchedwa Guidelines for Safer House Construction. Bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a amisiri omanga ndi opala matabwa. Pologalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, m'ulamuliro woyamba wa Pulezidenti Peter Mutharika, inafikitsa malata m'midzi yambiri. Koma m'maganizo anga, nzeru ya kamangidwe sinayende mofulumira ngati mmene malata anayendera. Buku likakhala mu ofesi silimanga waya pa nyumba ya munthu. Ndikupempha khonsolo, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi mafumu athu kuti nyengo yomanga ikamayamba aziitanitsa amisiri a m'dera, ngakhale tsiku limodzi, wodziwa awaonetse pa nyumba yeniyeni mmene waya amalowera m'khoma ndi mmene lata lopinda limaikidwira. Nkhaniyi si ya mwini nyumba yekha. Lata likauluka siligwera pakhomo pa amene analikhoma. Limakatema mwana wa mnansi kapena mbuzi ya eni.

Inunso amisiri anzanga, makalipentala ndi omanga, dzina lanu lili padenga limene mwakhoma. Mwini nyumba akakana kugula waya, muuzeni mwaulemu koma mosabisa: "Bambo, popanda waya denga ili silidutsa Januwale." Ena adzakwiya n'kuitana wina. Koma mudzi umaona denga limene latsala mphepo itadutsa, ndipo umafunsa amene analikhoma.

Kwa inu amene munawonjezera kale, mwayi ukadalipo chizimalupsa chisanagwe. Sabata ino lowani m'nyumba masana, tsekani zitseko, yang'anani kumwamba muone pamene kuwala kukulowa. Gwedezani mitengo ya denga muone ngati yagwira khoma. Bayani matabwa ndi msomali muone ngati chiswe sichinadye m'kati. Kwerani ndi munthu wina wokugwirirani makwerero, mupondere pamene pali misomali, muchotse masamba m'ngalande, mukhomerere misomali yotukuka, ndipo pamene denga latsopano lagunda khoma lakale muikepo lata lopinda. Ngati waya kulibe, bowolani khoma mizere ingapo kuchokera pamwamba, mudutsitse waya, mumange. Ndipo matumba aja ali pa siling'i muwatsitse lero lomwe.